Chifukwa chake ku Kruger anayamba kutseka mijigo ya nyama

M'chaka cha 1986, nkhalango ya Kruger ku South Africa inali ndi achilembwe pafupifupi 450. Pofika 1993 anatsala ngati 45 okha. Sikuti anatha ndi alenje ozembera kapena misampha ya waya. Nkhalangoyo inali ndi mpanda, alonda amfuti, madokotala a nyama, ndege zowerengera nyama chaka ndi chaka, komanso ndalama zomwe mapaki ambiri mu Africa muno amangozilota. Akatswiri atafufuza, chala chinaloza pa chinthu chimene aliyense ankachiona ngati chifundo: mijigo yomwe oyang'anira nkhalangoyo anakumba kuti nyama zisamafe ndi ludzu.

Amene anafikako ku Nyika chilembwe amamudziwa. Ndi nyama yaikulu, mbale wake wa mphalapala, yotuwa mofiirira, ya makutu ataliatali ndi nkhope ya mawanga akuda ndi oyera. Kuti madzi akumwa angamuthe bwanji chilembwe, yankho lake likuyambira pa nthaka.

Kruger ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 19,500, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo asanu a mtunda wonse wa dziko la Malawi. Paki ya Liwonde ingalowemo ka 35. Inatambalala makilomita ngati 360 kuchokera ku mtsinje wa Crocodile kummwera mpaka ku Limpopo kumpoto, ndipo kummawa yachita malire ndi Mozambique motsatira mapiri a Lebombo. Mbali ya kumadzulo yakhala pa mwala wa granite, umene ukaphwanyika umapereka dothi la mchenga, udzu wosanona kwenikweni ndi mitengo yambiri. Mbali ya kummawa yakhala pa mwala wa basalt, womwe umapereka makande akuda, udzu wonona ndi zigwa zopanda mitengo yambiri. Mvula nayo siigwa mofanana: ku Pretoriuskop kummwera imapitirira mamilimita 700 pachaka, pomwe madera ambiri akumpoto safika ngakhale 500. Ukawoloka mtsinje wa Olifants kupita kumpoto, tsanya ndiye amalamulira, monga zilili m'madera ena a ku Liwonde.

Ndiye pali kusiyana kwina kwapafupi, komwe munthu angakuone akuyenda wapansi. Pamwamba pa chitunda pali mchenga, m'munsi mwake muli dongo, pakati pake pali kadambo komwe madzi amatulukira m'dzinja. Pa chulu chilichonse pamamera udzu ndi mitengo yosiyana ndi yapozungulira, chifukwa chiswe chinatukula dothi lachonde. M'mbali mwa mitsinje muli mikuyu italiitali yomwe kumtunda kulibe. N'chifukwa chake nkhalango imodziyi ili ndi mitundu 147 ya nyama zoyamwitsa, mitundu ya mbalame yoposa 500 ndi ya mitengo yoposa 300. Nyumbu ndi chipembere choyera zimafuna udzu waufupi pafupi ndi madzi. Ngoma imadya masamba a zitsamba. Njati imafuna udzu wambiri ndi thope. Chilembwe ndi mphalapala zimafuna udzu wautali, kutali ndi chipwirikiti cha nyama zinzawo. Mitundu imachuluka pamene malo sakufanana, ndipo zambiri zomwe oyang'anira Kruger anachita kwa zaka zoposa 60, mosadziwa, zinali zofananitsa malo.

Nkhalangoyi inayamba mu 1898 ndi dzina loti Sabi Game Reserve. James Stevenson-Hamilton atafika kudzaiyang'anira mu 1902, anapeza nyama zitatha ndi mfuti za alenje komanso mliri wa rinderpest womwe unasesa ng'ombe ndi njati mu 1896. Njovu kunalibe n'komwe, zinachita kubwerera pang'onopang'ono kuchokera ku Mozambique. Iye anaganiza ngati mlimi wa ziweto: kuti nswala ndi mbidzi zichuluke, mikango, mimbulu ndi ng'ona ziphedwe, ndipo zinaphedwadi. Anthu akuda ambiri amene midzi yawo inali m'katimo anasamutsidwa, ndipo mchitidwewu unapitirira ngakhale nkhalangoyo itasanduka Kruger National Park mu 1926. A fuko la Makuleke anawachotsa mokakamiza ku Pafuri mu 1969, malo awo n'kudzawabwezera mu 1998. Izi n'zofunika kuzikumbukira, chifukwa tchire limeneli silinakhalepo lopanda anthu. Anthu ankalitentha, kusakamo ndi kudyetsamo ziweto kwa zaka mazanamazana, ndipo maonekedwe ake anaumbidwa ndi zimenezo.

Mpanda ukabwera, mjigo umatsatira

Chakumayambiriro kwa m'ma 1960 malire a kumadzulo anatchingidwa ndi mpanda, makamaka pofuna kuti njati zisamapatsire ng'ombe za alimi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Malire a Mozambique anatchingidwa m'ma 1970. Kale chilimwe chikafika, nyumbu ndi mbidzi zinkalowera kumadzulo, kumunsi kwa mapiri a Drakensberg kumene madzi saphwa. Tsopano zinkafika pa waya n'kuima. Zambiri zinafera pomwepo. Nthawi yomweyonso mitsinje inayamba kuchepa madzi chifukwa kumtunda kwake kunadzadza minda yothirira, migodi ndi nkhalango za bulugama ndi paini.

Oyang'anira anaona kuti poti nyama azitsekera okha, udindo wozimwetsa ndi wawo. Kukumba mijigo kunali kutayamba kale m'ma 1930, koma tsopano kunakula. Pofika m'ma 1990 munali mijigo yoposa 300, yambiri yopopa ndi mphepo, kuphatikizapo madamu makumimakumi. Gawo lalikulu la nkhalangoyo linatsala pa mtunda wosapitirira makilomita 5 kuchokera pa madzi osaphwa.

Malo ozungulira chitsime chotere ali ndi maonekedwe ake. Pafupi penipeni ndi fumbi lokhalokha, ziboda zinapera nthaka. Ukasuntha pang'ono udzu wabwino unatha, patsala waminga ndi wongomera nyengo imodzi. Mitengo ndi yosendeka makungwa, ina yothyoka. Njira za nyama zimachokera mbali zonse n'kukumana pa chomwera cha simenti. Chitsime chikakhala chimodzi pa dera lalikulu, palibe vuto, chifukwa ukatalikira tchire limabwerera. Koma zitsime zikathithikana, bwalo la chimodzi limakumana ndi bwalo la chinzake, ndipo sipatsalanso malo omwe udzu ungapumire.

Achilembwe a ku Kruger ankakhala m'zigwa za makande kumpoto, dera louma lomwe kale m'chilimwe munkakhala nyama zochepa. Kuuma kumeneko ndiko kunali chitetezo chawo. Mijigo itakumbidwa, makamaka pa chilala cha 1982 ndi 1983, mbidzi ndi nyumbu zinasamukira kumeneko n'kukhazikika. Zinadya udzu wautali womwe chilembwe amadya komanso amabisamo mwana wake akangobadwa. Choopsa kwambiri n'chakuti mikango inazitsatira. Gulu la mbidzi mazana angapo likataya khumi, silimva kanthu. Kagulu ka achilembwe 12 kakataya atatu aakuluakulu chaka chilichonse, kamatha. Mphalapala nazo zinatsika kwambiri m'zaka zomwezo. Mvula yochepa ya zaka zimenezo inathandizira, ndipo akatswiri ena amaipatsa mlandu waukulu kuposa anzawo, koma achilembwe omwe anasungidwa mu mpanda wopanda mikango m'dera lomwelo, pa mvula yomweyo, ankaswana bwinobwino.

Chapakati pa m'ma 1990 mijigo ya m'zigwazo inayamba kutsekedwa, mbidzi n'kuchepako. Kuyambira 1997 ndondomeko yonse ya madzi inasintha, ndipo lero mijigo yambiri inatsekedwa, madamu ena anagumulidwa. Alendo odzaona nyama sanasangalale, pakuti pa chitsime ndi pamene munthu amaimitsa galimoto n'kuona zonse osavutika. Achilembwe nawo sanabwerere pa chiwerengero chakale. Kuwononga kunatenga zaka zosakwana khumi, kukonza kukutenga zaka makumi.

Njovu 7,000

Pa nkhani ya njovu ndi pomwe anthu amakangana mpaka lero. M'ma 1960 akatswiri a ku Kruger anagwirizana kuti nkhalangoyo ingasunge njovu pafupifupi 7,000, ngati njovu imodzi pa sikweya mailo iliyonse. Zoposera apo zinkaphedwa chaka ndi chaka, monga mlimi amapatulira chimanga pa phando. Kuchokera 1967 mpaka 1994 njovu zoposa 14,000 zinaphedwa motero. Helikopita inkakusa banja lonse pamalo amodzi, n'kulimaliza m'mphindi zochepa, chifukwa kusiyako ena kunkaonedwa ngati nkhanza yoposa. Nyama yake inkakonzedwa ku Skukuza, likulu la nkhalangoyo.

Ana ena sankaphedwa, ankatumizidwa ku mapaki ena. Amene anapita ku Pilanesberg anakula opanda akuluakulu, ndipo amuna atafika pa unyamata analusa msanga n'kupha zipembere zoyera zoposa 40. Izi zinatha mu 1998, pamene njovu zazimuna zikuluzikulu 6 zinatengedwa ku Kruger kupita kumeneko. Anyamata aja anafatsa. Nkhaniyi inasonyeza kuti gulu la njovu si chiwerengero chabe, lili ndi dongosolo lake lomwe mfuti ikhoza kuphwasula.

Kupha kunaima mu 1994, mbali ina chifukwa cha mkwiyo wa anthu m'dzikomo ndi kunja, mbali ina chifukwa panalibe umboni wogwira mtima woti 7,000 ndiye nambala yoyenera. Njovu zinachuluka, pofika 2015 zinapitirira 17,000, ndipo zawonjezekabe. Boma la South Africa linalolanso kupha mu 2008 ngati njira yomaliza, koma Kruger sinabwererenso ku zimenezo.

Amene akuda nkhawa ali ndi mfundo. Mitengo ikuluikulu ya mfula ikutha m'madera ena, milambe yakumpoto ndi yokumbidwa matupi, ndipo miimba ndi ziombankhanga zimamanga zisa pa mitengo italiitali yomweyo. Mtengo umene njovu yasenda khungwa moto ukaupeza umaumaliza. Koma a mbali inayi amafunsa kuti mitengo imeneyi inamera liti. Yambiri inakula pa nthawi imene njovu zinali zitatha ndi malonda a minyanga ndipo nswala zinali zochepa, ndiye kuti nkhalango yomwe agogo athu akanaiona mu 1930 siinali yachibadwa, inali ya nthawi yomwe odya mitengo kunalibe. Njovu ikagwetsa mtengo imatsegulira udzu, imapatsa ngoma masamba apansi, ndipo ndowe zake zimafesa mfula kutali.

Maganizo a oyang'anira lero ndi akuti funso si njovu zingati, koma zili pati komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Apa nkhani ya njovu ikukumana ndi ya mijigo. Njovu yaikazi yoyamwitsa siingatalikire madzi. Madzi akakhala paliponse, njovu zimakhala paliponse chaka chonse, ana onse amapulumuka chilimwe, ndipo palibe mtengo umene uli kutali. Madzi akatsala m'mitsinje mokha, njovu zimaunjikana kumeneko m'chilimwe, madera akutali amapuma, ndipo pa chilala ana ena amafa. Kunena mosabisa, njira imeneyi ikutanthauza kulola chilala kugwira ntchito yomwe mfuti inkagwira. Ineyo ndikuona kuti mfundoyo ndi yomveka, koma sinayesedwe mokwanira. Kruger ili ndi mitsinje isanu yosaphwa, Crocodile, Sabie, Olifants, Letaba ndi Luvuvhu, ndipo mapaki a eni ake oyandikana nayo kumadzulo, omwe mpanda wawo unachotsedwa mu 1993, ali ndi zitsime zambirimbiri zokopera nyama kwa alendo awo. Njovu imene yapeza mjigo wotseka imangoyenda usiku umodzi.

Moto

Pa moto, Kruger inayesa pafupifupi chilichonse. Kumapeto kwa m'ma 1940 ankauzimitsa, poganiza kuti ndi mdani. Udzu unaunjikana ndipo moto ukabuka unkakhala woopsa kuposa kale. Kuyambira 1957 nkhalango inagawidwa m'zigawo mazana angapo zolekanitsidwa ndi misewu yotchinga moto, chigawo chilichonse n'kumatenthedwa pakapita zaka zitatu. Ankayatsa mozungulira, moto n'kukumana pakati, motero unkapsereza zonse mofanana. Mu 1992 anasiya, n'kunena kuti moto wololedwa ndi woyatsa mphezi wokha. Zimenezi sizinatheke, chifukwa moto wambiri unkayatsidwabe ndi anthu odutsa m'nkhalangomo kuchokera ku Mozambique ndi opha nyama mozembera, ndipo alonda ankathera mphamvu pozimitsa. Mu Sepitembala 2001 moto wolusa pafupi ndi Pretoriuskop unapha anthu 23, ambiri mwa iwo omweta udzu wofolera.

Akatswiri atasanthula mabuku a zaka zonsezo anapeza chinthu chochititsa manyazi pang'ono: kukula kwa dera lomwe linkapsa pachaka sikunkadalira kwenikweni ndondomeko ya ofesi. Kunkadalira mvula ya zaka zapitazo. Mvula ikachuluka udzu umachuluka, ndipo udzapsa basi, woyatsa akhale ndani. Chimene munthu angasinthe ndi nyengo yake ndi ukali wake. Moto wa m'masika, udzu usanaumitsitse, umayenda mwa apo ndi apo, umazima wokha usiku, n'kusiya lupsa pano, tchire apo. Moto wa mu Okutobala umakwera mpaka kunsonga za mitengo. Kuyambira 2002 alonda amayatsa timoto tating'onoting'ono molawirira, kuti pakhale msipu wa nyumbu komanso udzu wautali wa mphalapala m'dera limodzi. Pena amafunadi moto waukali, pamene zitsamba zayamba kutseka chigwa.

Zambiri zodziwika pa nkhaniyi zinachokera ku timinda toyesera tomwe tinakhazikitsidwa mu 1954 ku Pretoriuskop, Skukuza, Satara ndi Mopani. Ena amatenthedwa chaka chilichonse, ena pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ena sanatenthedwepo dala chiyambire. Ukaima pa malire a timinda tiwiri, mbali ina ndi chiyangoyango, mbali ina ndi zitsamba zofika m'chiuno. Mitundu ya mitengo siisiyana kwambiri. Chimasiyana ndi msinkhu wake, pakuti moto wa kawirikawiri umaupha mtengo kumtunda koma chitsa chimaphukanso.

Chakumapeto kwa m'ma 1990 Kruger inasiya kulondola manambala okhazikika. M'malo mwake akatswiri amaika malire awiri pa chinthu chilichonse chofunika, monga kuchuluka kwa mitengo italiitali kapena madzi oyenda mumtsinje, ndipo pakati pa malirewo zinthu zimaloledwa kukwera ndi kutsika. Zikayandikira malire, amakhala pansi n'kuona ngati achitepo kanthu kapena malirewo ndiwo analakwika. Pa chilala cha 1991 ndi 1992 njati zinafa pafupifupi theka, kenako zinabwerera. Pa cha 2015 ndi 2016 mvuu ndi njati zinafanso zambiri, zithunzi zinazungulira pa intaneti, anthu n'kumafunsa chifukwa chake boma likungoonerera. Kupirira mafunso otere n'kovuta kuposa kukumba mjigo.

Zina sizingakonzedwe m'kati mwa mpanda. Mitsinje yonse isanu ija imachokera kunja, ndipo mu 2005 Olifants, yomwe imadutsa m'dera la migodi ndi minda, inasiya kuyenda kwa miyezi yoposa iwiri. Mu 2008 ng'ona zoposa 150 zinafa m'chigwembe cha mtsinje womwewo, chakumtunda kwa damu la Massingir, ndi matenda oumitsa mafuta a m'thupi. Chifuwa chachikulu cha ng'ombe, chomwe chinapezeka mu njati mu 1990, chinalowa kuchokera ku ziweto za kummwera n'kufika mpaka pa mikango. Zipembere zoyera, zomwe zinabwezeretsedwa kuchokera ku paki ya Umfolozi kuyambira 1961 n'kufika pa 10,000, zatsikanso kwambiri, pakuti mu 2014 mokha zipembere zoposa 800 zinaphedwa mu Kruger chifukwa cha nyanga zomwe msika wake uli ku Asia. Pangano la Great Limpopo Transfrontier Park la mu Disembala 2002, lolumikiza Kruger ndi paki ya Limpopo ya ku Mozambique ndi ya Gonarezhou ya ku Zimbabwe, cholinga chake china chinali kupatsa nyama malo oyendamo. Koma m'malo amenewo muli midzi ndi minda, ndipo kusamutsa anthu a ku Limpopo kwakhala nkhani yowawa.

Nanga mapaki ang'onoang'ono?

Malawi ndi Kruger zinadziwana kale, pakuti zipembere zakuda ziwiri zoyamba kubwerera ku Liwonde mu 1993 zinachokera kumeneko. Koma phunziro la Kruger silingangotengedwa n'kuikidwa kuno momwe lilili. Njira yotseka madzi imagwira ntchito pamene pali malo akutali ndi madzi. Liwonde ndi masikweya kilomita 548, ndipo mtsinje wa Shire palibe angautseke. Majete, yomwe bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2003, ndi pafupifupi 700, yozunguliridwa ndi mpanda wamagetsi, kunja kwake midzi. Ku Lengwe nyama zimadalira madzi opopa m'chilimwe chonse. M'mapaki otere nyama siingathawe chilala, ndipo mtundu ukatha palibe kumene ungabwerere wokha. Oyang'anira sangachitire mwina koma kuyeza, kuwerenga ndi kulowererapo, zomwe Kruger ikuyesa kuchepetsa. Chomwe angatengereko ndi funso loyenera kufunsa asanakumbe chitsime china kapena kuyatsa moto: kodi ndi nyama iti imene imapulumukira pa kuuma kwa malo ano, kapena pa udzu wosapsawu?

Pa njovu, Malawi yasankha malole m'malo mwa mfuti. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Mitengo ya ku Liwonde inapumako. Koma midzi yozungulira Kasungu, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, yakhala ikudandaula za minda yowonongeka ndi anthu ophedwa ndi njovu. Mapaki ena ang'onoang'ono a ku South Africa amabaya njovu zazikazi katemera wolera, njira yomwe imafuna helikopita ndi ndalama nthawi ndi nthawi. Njovu zotsala ku Liwonde ndi Majete zikuswanabe, ndipo mapaki aakulu omwe angalandire zina, Nkhotakota ndi Kasungu, analandira kale.